Mphindi ziwiri ndi theka zoyamba za filimu: ndikuzukuta kapena ndikungofotokoza?

Kadzidzi_04
Moni nonse. Ndapatsidwa ntchito ya Media Studies yoti ndizukute chiyambi cha filimu, mphindi ziwiri ndi theka zokha, m'mawu 1,200. Ndalemba kawiri, ndipo kawiri konseko pepala labwerera ndi ndemanga imodzimodzi yakuti ndikungofotokoza zomwe zikuchitika. Komatu ndatchula close-up (chithunzi chojambulidwa pafupi kwambiri), ndatchula high angle (kamera kuyang'ana kuchokera pamwamba), ndatchulanso nyimbo. Nanga kuzukutako ndiye kuti?

Chiyambi chake n'chotere: ndi usiku, mvula ikugwa, mayi wina wakhala m'galimoto yoima panja pa nyumba yosanja. Wailesi ikulira. Iye akuyang'ana zenera lam'mwamba momwe mukuyaka getsi. Kenako wazimitsa wailesi, watuluka, dzina la filimu n'kuonekera. Palibe wolankhula ngakhale mmodzi. Mawu 1,200 ndiwatenga kuti pamenepa?

Chiphaliwali
Tiponyereni chiganizo chimodzi mwa zomwe mwalembazo. Matenda sitingawadziwe wodwala ali kuseri.

Kadzidzi_04
"Dayirekitala wagwiritsa ntchito close-up posonyeza mmene mayiyo akumvera, ndipo nyimbo ikupangitsa oonera kufuna kuonabe filimuyo."

Chiphaliwali
Ndi chimenechotu. Chiganizochi mutha kuchizula n'kukachidzala pa filimu ina iliyonse, chikamera bwinobwino. Close-up ya chiyani, pa sekondi iti, yabwera pambuyo pa shoti yanji, yakhala nthawi yaitali bwanji? Ndipo "mmene akumvera" ndiye kuti akumva chiyani? Mantha, nsanje, kutopa? Mwazionera pati?

Mlenje_wa_Mithunzi
A Kadzidzi, vuto lanu silinayambire pa kulemba, layambira pa kuonera. Musalembe ndime iliyonse musanaonere chigawocho kasanu, ulendo uliwonse ndi ntchito yake.

Ulendo woyamba ingoonerani ngati munthu wamba, kenako lembani mawu atatu okha a zomwe mwamva mumtima, ndi mafunso omwe akutsalirani. Pepala limenelo lisungeni, chifukwa nkhani yanu yonse ikhala yofotokoza mmene filimuyo yakufikitsirani pamenepo.

Ulendo wachiwiri tsekani mawu onse. Muwerenge mashoti. Shoti ndi chithunzi chosadukiza, kuyambira pomwe adula kufika pomwe adulanso. Jambulani tebulo: nambala ya shoti, nthawi yoyambira, nthawi yothera, kukula kwake, pomwe kamera yaima, ngati ikuyenda ndi mmene ikuyendera, zomwe zili m'chithunzimo, ndi mmene yalowera m'shoti yotsatira. Mu VLC, pulogalamu yoonera kanema pa kompyuta, batani la E limasuntha fulemu imodziimodzi, kutanthauza tizithunzi toima tomwe timapanga kanema. Pa YouTube, mukaimitsa kanema, batani la mpumiro limapita kutsogolo fulemu imodzi, la mpatuliro limabwerera. Filimu zambiri zimayenda mafulemu 24 pa sekondi, ndiye shoti ya theka la sekondi ndi mafulemu 12 okha, diso limatha kuiphonya.

Ulendo wachitatu tembenuzani sikirini, mungomvera, makamaka ndi mahedifoni. Wachinayi muyang'ane kuwala ndi mitundu basi. Wachisanu muphatikize zonse, n'kufunsa kuti: ndi pati pomwe china chake chasintha? Kamera yomwe inali chiimire yayamba kuyenda, mashoti omwe anali aatali afupika, phokoso lomwe linalipo lasowa. Malo osinthirawo nthawi zambiri sapitirira atatu kapena anayi m'mphindi ziwiri, ndipo ndime zanu zikhale pa amenewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyalugwe77
Zonsezo n'zotaya nthawi, mayeso sadikira. Lowezani izi basi: high angle ndi kufooka, low angle (kamera kuyang'ana kuchokera pansi) ndi mphamvu, kufiira ndi ngozi, buluu ndi chisoni, handheld (kamera yonyamula m'manja) ndi chipwirikiti. Mukaona, mwalemba, malikisi mwatenga.

Chiphaliwali
Mndandanda umenewo ndiwo wapha mapepala ambiri, achimwene.

Nyalugwe77
Wapha bwanji pomwe uli m'mabuku?

Mlenje_wa_Mithunzi
Uli m'mabuku ngati poyambira, osati ngati lamulo. Kamera ikayang'ana munthu kuchokera pamwamba, mwina akuoneka wochepa mphamvu, inde. Koma mwinanso tikuona ndi maso a munthu wina amene ali pamwambapo. Mwinanso dayirekitala akungofuna kuti tione malo, tidziwe khomo lili kuti, msewu uli kuti. M'chigawo cha a Kadzidzichi muli zenera lam'mwamba, ndiye high angle ya galimotoyo ikhoza kutanthauza kuti wina akusuzumira. Pamenepo nkhani yatembenuka: amene timati akuzonda ndiye akuzondedwa. Mukangolemba kuti "ndi wofooka" mwataya chinthu chokoma kwambiri m'shotiyo.

A Kadzidzi, taonani: m'mphepete mwa shoti imeneyo mukuoneka katani kapena felemu la zenera? Kamera ikugwedezeka pang'ono ngati munthu akupuma?

Kadzidzi_04
Ndaona. Ili pa 1:12. Kumanzere kuli chinthu chakuda chosaoneka bwino, chikukhala ngati katani. Ulendo wonsewu sindinachione.

Nyalugwe77
Chabwino, pamenepo ndavomera. Koma kufiira ndi ngozi, pamenepo sindisuntha.

mphaka_wakuda
Kufiira ndi ngozi, ndi chikondi, ndi manyazi, ndi magetsi akumbuyo kwa galimoto. Sankhani chimodzi mutiuze chifukwa.

Wamagalasi
Zimene akukanganazi zinayesedwa kalekale. Lev Kuleshov, wopanga filimu wa ku Soviet Union, anatenga nkhope imodzimodzi ya wosewera filimu Ivan Mosjoukine, yosaonetsa kanthu, n'kuilumikiza ndi zithunzi zosiyana: mbale ya supu, mwana m'bokosi la maliro, mkazi atagona pa sofa. Oonera ankaona njala, chisoni, chilakolako, chonsecho nkhope sinasinthe. Tanthauzo la shoti limachokera kwa anzake oyandikana nayo. N'chifukwa chake close-up yanuyo simungailembe payokha. Ngati dongosolo lili lakuti nkhope ikuyang'ana m'mwamba, kenako zenera, kenako nkhope kachiwiri, imeneyo ndi eyeline match, ndipo zomwe mukuti "akumva" mwaziika ndinu oonera chifukwa cha zeneralo. Lembani zimenezo. Wochonga amafuna aone kuti mukudziwa kuti filimu imapangitsa woonera kugwira ntchito.

Chinanso yang'anani mbali yomwe akuyang'ana. Ngati m'shoti yoyamba akuyang'ana kumanja, ayenera kumayang'anabe kumanja m'mashoti otsatira, chifukwa kamera imakhala mbali imodzi ya mzere wongoganizira wolumikiza iye ndi chomwe akuchiyang'ana. Ndilo lamulo la madigiri 180. Mukaona kuti mwadzidzidzi akuyang'ana kumanzere osatembenuka, kamera yadumpha mzere. M'filimu yopangidwa mosamala zimenezo sizichitika mwangozi, amafuna woonera asokonezeke.

MakutuAwiri
Nonse mwathamangira ku maso, koma chigawo chopanda wolankhula chimanyamulidwa ndi makutu. Ndipo a Kadzidzi mwalakwitsa kale potchula kuti "nyimbo", ngati kuti ndi yoikira kumbuyo. Mwanena nokha kuti mayiyo wazimitsa wailesi. Ngati nyimbo yatha atakhudza batani, ndiye kuti ndi diegetic, ili m'dziko la filimuyo, iyenso amaimva. Nyimbo ya non-diegetic timaimva ife oonera tokha.

Mverani bwino kamvekedwe kake. Nyimbo ya pa wailesi ya m'galimoto amaichotsa mawu akuya ndi osongoka kwambiri kuti imveke yopyapyala, ngati ikutuluka m'kabokosi. Ena amachita ukathyali uwu: nyimbo iyamba yodzadza bwino chithunzi chisanaoneke, inu n'kumaganiza kuti ndi yoikira kumbuyo, ndiye kamera ikalowa m'galimoto ipyapyala. Ngati zachitika choncho, lembani sekondi yake, chifukwa pamenepo ndi pomwe filimu yatichotsa panja n'kutitsekera mkati limodzi naye.

Kenako funsani chomwe chatsala wailesi itazima. Chete weniweni m'filimu ndi wosowa. Pamatsala mvula padenga la galimoto, mawaipa, injini ngati ikulira, mpweya wa munthuyo. N'chiti chomwe achikweza? Akakweza kupuma kwake ndiye kuti atiika pafupi naye kuposa mmene kamera yatiikira. Kodi mawaipa akugunda pa nthawi yomwe akudula mashoti? Kodi phokoso la shoti yotsatira likuyamba chithunzi chake chisanafike? Imeneyo ndi J-cut, imakokera woonera kutsogolo. Phokoso la shoti yapitayo likatsalira pa chithunzi chatsopano ndi L-cut.

Amene akukayika kuti phokoso wamba lingagwire chiyambi chonse aonere Once Upon a Time in the West ya Sergio Leone, ya 1968. Amuna atatu akudikira sitima, kwa mphindi pafupifupi khumi kulibe nyimbo yoikira kumbuyo. Kuli kulira kwa makina a mphepo opopera madzi, madzi odontha pa chipewa, ntchentche, ndi makina a telegalafu.

mphaka_wakuda
Mukatchula ziyambi musasiye Touch of Evil. Enawo ndi ana.

Chiphaliwali
Tayambapo.

mphaka_wakuda
Eya tayambapo. 1958, Orson Welles. Shoti imodzi yopitirira mphindi zitatu osadula. Iyamba ndi bomba m'manja mwa munthu, aliika kumbuyo kwa galimoto, kamera ikwera pa kireni, itsata galimotoyo m'tauni ya m'malire a Mexico ndi America, itsikira kwa mwamuna ndi mkazi oyenda pansi, galimoto ikuwadutsa, iwo akuidutsa, mpaka bomba liphulika ndiye adula. Lero ndani angachite?

Wamagalasi
Ambiri akuchita, ndipo ena amabisa podula kuseri kwa khoma kapena msana wa munthu. Koma kusadula pakokha si luso. Chimene chimagwira mtima m'shoti ya Welles n'chakuti taona bomba akulitchera nthawi, ndiye sekondi iliyonse ya filimu ndi sekondi ya bombalo. Akanadula, tikanadziwa kuti mkonzi atha kulumpha nthawi, mantha akanachepa. Wophunzira akalemba kuti "long take (shoti yaitali yosadula) ikuonetsa luso la dayirekitala" wangoyamikira. Akalemba kuti kusadulako kukutimana pothawira, wazukuta.

MakutuAwiri
Ndipo filimu yomweyo ili ndi phunziro lina. Yomwe inatuluka mu 1958 inali ndi mayina a opanga filimu olembedwa pamwamba pa shotiyo, komanso nyimbo ya Henry Mancini. Mu 1998 mkonzi wa filimu Walter Murch anaikonzanso potsatira kalata ya masamba 58 yomwe Welles analembera situdiyo. Mayina anachotsedwa, ndipo m'malo mwa nyimbo ija mumamveka nyimbo zotuluka m'mabala ndi m'wailesi ya galimotoyo, zikukwera ndi kutsika malinga ndi pomwe kamera ili. Chithunzi chimodzi, ziyambi ziwiri zosiyana. Choncho m'ndime yoyamba nenani kuti mukuzukuta kope liti.

Mlenje_wa_Mithunzi
Pa nkhani ya kope, onjezani ziwiri izi. Ma DVD a PAL, dongosolo la TV la mafulemu 25 pa sekondi, amathamangitsa filimu ya mafulemu 24 kuti iyende 25 pa sekondi, ndiye chigawo cha masekondi 150 chimatha pa 144, ndipo nthawi zanu sizigwirizana ndi za wochonga ngati iye ali ndi kope lina. Chachiwiri, tizidutswa ta pa intaneti tambiri n'tometa m'mbali. Filimu ya chithunzi chotambalala kwambiri, cha 2.39:1, akaidzadzitsa pa sikirini wamba ya 16:9, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a m'lifupi mwake limatayika. Katani ija ya pa 1:12 ikanatha kupita nayo. Pa foni musatambasule chithunzi ndi zala, mizere yakuda ija isiyeni.

Kadzidzi_04
Pepani akuluakulu, tibwerere kwa mayi wa m'galimoto. Tebulo ndapanga. Mashoti alipo 22 m'masekondi 150. Ndichite nawo chiyani manambalawa?

Mlenje_wa_Mithunzi
150 kugawa ndi 22 ndi masekondi pafupifupi 6.8 pa shoti. Imeneyo amaitcha average shot length. Koma nambala imeneyo payokha ndi yabodza, ili ngati kunena kuti mtsinje ndi wofika m'chiuno pomwe pena ndi pa kakolo, pena pomiza. Tiuzeni shoti yaitali kwambiri, ndiponso mashoti angati ali m'masekondi 30 omaliza.

Kadzidzi_04
Yoyamba ndi masekondi 41. Kamera ili panja, ikuyandikira galimoto pang'onopang'ono. M'masekondi 30 omaliza muli mashoti 11, kuyambira pomwe wazimitsa wailesi.

Mlenje_wa_Mithunzi
Ndiye msana wa nkhani yanu mwaupeza. Theka la mashoti onse lapanikizana m'masekondi 30 omaliza, osakwana masekondi atatu pa shoti, ndipo chosinthira ndi dzanja pa batani la wailesi. Kudikira kwasanduka kuchita. Phokoso ndi kadulidwe zasinthira malo amodzi, ndiye muzilembe m'ndime imodzi. Musachite zija za ndime ya kamera, ndime ya phokoso, ndime ya kuwala, ngati mukuwerenga katundu m'sitolo. Tsatani nthawi ya chigawocho, ndipo pa malo osinthira aliwonse muonetse njira ziwiri kapena zitatu zikukokera limodzi, kapena zikutsutsana.

Wamagalasi
Pa shoti ya masekondi 41 ija, tsimikizani kaye ngati ndi dolly (kamera yeniyeniyo ikuyenda) kapena zoom (kamera ili chiimire, lenzi ndiyo ikukulitsa chithunzi), chifukwa ambiri amasokoneza ndipo wochonga amaona msanga. Yang'anani chinthu chapafupi, monga mtengo wa getsi, ndi chakutali, monga khoma. Kamera ikamayenda yokha, chapafupicho chimasuntha msanga kuposa chakutali, ndipo zomwe zinabisika kuseri kwake zimayamba kuonekera. Pa zoom chithunzi chonse chimangokula pamodzi ngati mukukulitsa chithunzi cha papepala, palibe chobisika chomwe chimatuluka. Kumveka kwake n'kosiyananso: dolly ili ngati ife tikuyenda kupita kumeneko, zoom ili ngati wina waima patali akusuzumira.

Yang'ananinso focus, kutanthauza chomwe chikuoneka bwino m'chithunzi pomwe zina zili mbuu. Usiku wa mvula opanga filimu amakonda kuika madontho a pagalasi akuoneka bwino, nyumba ili mbuu, kenako n'kusamutsa focus kuti zenera lioneke, madontho asungunuke. Ndiyo rack focus. Imalozera diso popanda kudula. Ngati kumbuyo kwa nkhope yake magetsi a mumsewu asanduka timipira tosaoneka bwino, ndiye kuti depth of field, kutalika kwa dera looneka bwino, ndi yochepa, ndipo zotsatira zake n'zakuti mayiyo wapatulidwa ku dziko lomuzungulira. Koma musalembe kuti "anagwiritsa ntchito lenzi ya 85mm", simungadziwe pongoonera. Nenani zomwe zikuoneka.

Nsanjika
Kuwala sikunakambidwe. Mafunso ake ndi atatu: kukuchokera kuti, n'kolimba kapena kofewa, n'kwa mtundu wanji. Kolimba mumakudziwira ku mthunzi wokhala ndi malire akuthwa. Ngati theka la nkhope lili mumdima, ndiye kuti key light, nyale yaikulu, ili chammbali ndipo fill light, yochepetsa mithunzi, ndi yochepa kapena palibe, imeneyo ndi low-key. Mawu akuti low-key satanthauza kuti nyale ili pansi, amanena za kusiyana kwakukulu pakati pa powala ndi pamdima. Ambiri amagwa pamenepo.

M'chigawo chanucho ndingayang'ane kusiyana kwa zenera ndi galimoto. Getsi la m'nyumba la mtundu wakale limapereka kuwala kwachikasu, nyale za tungsten za opanga filimu ndi 3200K pa muyeso wa mtundu wa kuwala, pomwe kuwala kwa masana amakuwerengera 5600K ndipo pafupi ndi chikasucho kumaoneka kwabuluu. Ngati zenera ndi lachikasu, m'galimoto muli buluu, filimu yagawa dziko pawiri, mkati ndi kunja, ndipo mayiyo ali kunja. A Nyalugwe, onani kuti sindinati buluu ndi chisoni. Ndati buluu ali pafupi ndi chikasu, ndipo mayiyo akuyang'ana chikasucho.

Nyalugwe77
Ndamva, amayi. Nanga ma theory? Popanda Todorov ndi Barthes, akatswiri aja a kaumbidwe ka nkhani, pepala limaoneka lamaliseche.

Chiphaliwali
Lamaliseche n'labwino kusiyana ndi lovala jekete la eni. Todorov ankanena za nkhani yathunthu, kuyambira pa bata, kusokonekera, mpaka bata latsopano. Inu muli ndi mphindi ziwiri ndi theka. Mukakakamiza magawo onse m'menemo mukunama. Chomwe munganene n'chakuti filimuyi yatimana bata loyambalo, tafika zinthu zitasokonekera kale.

Nsanjika
Barthes yekha ndiye akukwanira bwino pano. M'buku lake la S/Z la 1970 anafotokoza hermeneutic code, imene m'kalasi amaitcha enigma code: mmene nkhani imadzutsira funso n'kuchedwetsa yankho. Koma musangoti "pali enigma". Tchulani funsolo, ndi njira yomwe yalidzutsa. M'nyumbamo muli ndani? Funso limenelo labadwa chifukwa kamera sinalowemo, ndipo shoti ya pa 1:12 yatiuza kuti muli munthu koma yatibisira nkhope yake. Chiganizo chimodzi cha Barthes, zitatu za umboni.

Ndipo musaiwale zinthu za m'galimotomo. Chili pa mpando wa pambali n'chiyani? Ku chala kuli mphete? Zovala zanyowa kale, kusonyeza kuti anatulukapo n'kubwerera? Mise-en-scène ndi imeneyo, chilichonse choikidwa patsogolo pa kamera. Rear Window ya Alfred Hitchcock, ya 1954, imayamba ndi kamera ikuyenda m'chipinda: thukuta pamphumi, mwendo uli mu pulasitala, kamera yophwanyika, chithunzi cha ngozi ya galimoto zampikisano. Munthuyo asanatsegule pakamwa tadziwa ntchito yake ndi mmene anavulalira.

mphaka_wakuda
Dzina la filimu nalonso muliwerengere. Kalembedwe ka zilembo, mtundu, ngati latulukira mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, pa chithunzi chakuda kapena pamwamba pa shoti. Saul Bass anatchuka ndi ntchito imeneyi yokonza mayina oyambira filimu, za Vertigo ndi Psycho ndi zake. Koma ziganizo ziwiri zikwana.

Kadzidzi_04
Ndayesanso ndime imodzi. Musandimvere chisoni.

"Pa 2:00 dzanja la mayiyo lizimitsa wailesi mu close-up, ndipo nyimbo yomwe yakhala nafe kuyambira pachiyambi iduka pakati pa mzere. Popeza nyimboyo ndi diegetic, kutha kwake ndi chisankho cha mayiyo, choyamba chomwe tamuona akupanga. Chotsala ndi mvula ndi kupuma kwake, komwe akukweza kuposa mvulayo. Nthawi yomweyo mashoti afupika: 11 m'masekondi 30, pomwe shoti yoyamba yokha inatenga 41. Woonera yemwe anazolowera kudikira limodzi naye tsopano akuthamangitsidwa, asanadziwe chomwe mayiyo akukachita."

Chiphaliwali
Iyi siingadzalike pa filimu ina. Chotsani "mu close-up" pomwe mwaiika, muiike poyamba, ndipo munene chifukwa chake ali dzanja osati nkhope. Pa nthawi yofunika chonchi atibisira nkhope yake, n'chifukwa chake sitikudziwa ngati akupita ndi mkwiyo kapena mantha.

Nsanjika
Mawu akuti "woonera" muwasamale. Onjezani kuti ndi woonera wozolowera filimu za mtundu umenewu, amene amadziwa kuti usiku, mvula ndi munthu wozonda nyumba sizitha bwino. Pamenepo mwakhudzanso genre, mtundu wa filimu, osatsegula ndime ina. Ndime ngati imeneyi ndi mawu pafupifupi 70. Mukaikulitsa ndi za a Chiphaliwali, n'kuchita chimodzimodzi pa shoti yoyamba, pa 1:12 ndi pa dzina la filimu, vuto lanu likhala lodula mawu, osati lowasaka.

MakutuAwiri
Chimodzi chotsiriza, pitani pa mafulemu omaliza ndi batani la E lija. Chitseko cha galimoto chikumenyetsedwa tikuchiona, kapena phokoso lake likugwera pa dzina la filimu chithunzi chitada kale?

Kadzidzi_04
Chithunzi chida kaye, papita mafulemu ngati khumi, ndiye chitseko n'kumveka pamodzi ndi dzinalo. Ndipo mvula ikupitirirabe pa mdimawo, koma tsopano ikumveka ngati tili panja, osati pansi pa denga la galimoto.

MakutuAwiri
Ndiye kuti watuluka nafe. Mvula imeneyo ilembeni, ndi nthawi yake.